Ana inu a pa yunivesite, mnzanu akakomoka ndi mowa musamamugoneke ati adzuka mawa

Ndakhala ndikungoyang'ana osayankhula koma lero ndiye ayi, wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndinagwira ntchito yoyang'anira mahositeli pa yunivesite ina mpaka imvi kumera m'mutu muno, ndiye zimene ndikulembazi sikuti ndachita kumva kwa munthu, zina ndinachita kuzinyamula ndi manja angawa. Chandiwawa ndi mavidiyo amene mukuponya pa TikTok ndi m'magulupu a WhatsApp aja, mnzanu ali kwala pansi sakudziwa komwe ali inu muli kikiki kumujambula, wina mpaka kumulemba kumaso ndi maka. Mukuseka chani kwenikweni ana inu?

Usiku wina cha m'ma 2 koloko mlonda anadzandigogodera kuti bwana tabwerani mudzaone. Linali tsiku loti kalabu ina ya masewero imalandira mamembala atsopano. Nditafika ndinapeza mnyamata wa chaka choyamba amugoneka chagada pa matilesi m'kolido, malaya ali chonyowa chifukwa anamuthira ndowa ya madzi ozizira ati atsitsimuke, pambali pake kapu ya khofi imene amayesa kumumwetsa, nsapato imodzi kulibe. Amachita mkonono wina wake wachilendo, akakoka mpweya kamodzi amakhala zii kanthawi ndithu kenako nkukokanso. Milomo itayamba kuda. Ndinamutsina pa phewa mwamphamvu, olo kugwedezeka. Kufunsa kuti wakhala chonchi kuyambira nthawi yanji akuti cha m'ma 11, kufunsa kuti nanga bwanji simunaitane a kiliniki yankho lake linali loti timaopa kuti kalabu yathu aitseka. Maola 3 mwana wa eni ake akulimbana ndi mpweya, anyamata aakuluakulu a ndevu zawo akuteteza dzina la kalabu. Anapulumuka inde, koma adokotala anandiuza mosabisa kuti tikanadikira kuti kuche tikanakhala tikuimbira makolo ake nkhani ina.

Nde tamverani, chifukwa ambiri a inu mumakhoza masamu ovuta m'kalasi koma masamu a mowa simuwadziwa. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amawerenga kuti mlingo umodzi wa mowa ndi magalamu 10 a alikoholo weniweni, ndipo chiwindi cha munthu wamkulu chimatha kuchotsa pafupifupi mlingo umodzi wokha pa ola. Chilibe giya yachiwiri chimenechi, kaya ndinu katswiri wa mpira kaya mumanyamula zitsulo. Botolo la mowa wamba la 330 ml la 5% lili ndi magalamu pafupifupi 13. Koma botolo la mowa waukali la 750 ml la 40% lija mumaimika pakati pa tebulo nkumati tione mwamuna ndani, muli magalamu oposa 230, ndiye kuti ntchito yoti chiwindi chigwire pafupifupi tsiku lathunthu usana ndi usiku, inu mukufuna mwana wa zaka 18 amalize theka lake pa mphindi 30 kwinaku mukumuimbira nyimbo ndi kuomba m'manja.

Chimene simudziwa china ndi ichi, munthu akasiya kumwa sikuti mowa wasiya kulowa m'magazi. Umene uli m'mimba uja umapitirirabe kulowa iye ali mtulo, ndiye amene mwamugoneka ali woledzera chabe pakatha ola limodzi akhoza kukhala ali pa ngozi yeniyeni. Mowa ukachuluka umafooketsa mbali ya ubongo imene imayendetsa kupuma, umaphanso kamphamvu kaja kamene kamatichititsa kukhosomola chinthu chikalowera kolakwika, ndiye akasanza ali chagada masanzi amapita m'mapapo iye osadzuka n'komwe. Ambiri amapita choncho, mwakachetechete, anzawo ali chipinda chomwecho akusewera magemu pa foni. Khofi sachotsa mowa m'magazi. Madzi ozizira sachotsa mowa, amangowonjezera vuto poti thupi la woledzera limataya kale kutentha. Kumuyendetsa uku ndi uku ndiye kumangomugwetsa nako. Ngati sakudzuka mukamuitana ndi kumutsina, ngati akupuma kosakwana ka 8 pa mphindi kapena pakumadutsa masekondi 10 asanakokenso mpweya, khungu lazizira, milomo yasintha mtundu, akusanza asakudziwa, ameneyo si wogona ayi. Mugonekeni cham'mbali bondo lapamwamba litapindika kuti asagudubuke, nkhope iloze pansi pang'ono, wina akhale naye osachoka, wina aimbe foni ku kiliniki kapena kwa a chitetezo nthawi yomweyo. Osayamba mwachita miting'i.

Ndikudziwa chimene mumaopa, mumati tikaitana akuluakulu atilemba maina tikaonekera ku komiti ya disipulini. Kodi munawerengapo kabuku ka malamulo kaja anakupatsani tsiku lolembetsa? Ambiri munangosaina nkukaponya pansi pa sutikesi. Mayunivesite ambiri masiku ano, makamaka ku America, anaika lamulo loti wophunzira amene waitanira mnzake thandizo la chipatala chifukwa cha mowa kapena mankhwala salangidwa pa mlandu wakumwawo, amangomutumiza kwa alangizi, cholinga chake nchoti mantha asaphetse munthu. Pitani mukafunse ku ofesi yoona za ophunzira ngati kwanuko liliko, ndipo ngati kulibe inu a yuniyoni nkhani yoti muzimenyera ndi imeneyi. Koma olo litapanda kukhalapo, kalata ya chenjezo mu fayilo ndi bokosi la maliro chachikulu nchiti?

Ngati mukuona ngati ndikukokomeza, fufuzani zimene zinachitika pa yunivesite ya Penn State ku America mu February 2017. Mnyamata wa zaka 19 amalowa gulu lina la ophunzira aamuna, anamumwetsa mowa ka 18 pa mphindi 82 zokha, anagwa pa masitepe nkuvulala m'mutu ndi m'mimba, anzake anamunyamula nkumugoneka pa sofa ndipo panadutsa maola pafupifupi 12 asanaimbe foni yoitana ambulansi. Anamwalira. Makamera a m'nyumbamo anajambula zonse, ndipo anyamata amene ankaganiza kuti akuteteza gulu lawo anakathera kukhoti, gululo yunivesite inalithetseratu, boma la Pennsylvania mu 2018 linakhwimitsa lamulo loletsa kuzunza olowa kumene m'magulu. Mu December 2024 dziko lonse la America linakhala ndi lamulo lokakamiza mayunivesite kuti aziulula poyera nkhani zoterezi. Malamulo amene inu mumati ndi a madala osafuna kuti achinyamata asangalale ambiri analembedwa pambuyo pa maliro a mwana wa munthu.

Tsopano ndibwere kwa inu ma tcheyamani, masekilitale ndi asungichuma a makalabu, matimu, ma asosiyeshoni ndi makwaya omwe, eya ndati makwaya omwe, musandiyang'ane choncho. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Fomu yopempha chilolezo cha pate ija mumasaina mothamanga ija imanena kuti inuyo ndi amene mudzayankhe china chikalakwika. Malamulo ake pafupifupi kulikonse amafanana, pate ilembetsedwe nthawi isanakwane, osapereka mowa kwa amene sanakwane zaka zovomerezeka, kumayiko ambiri ndi 18 koma ku America ndi 21, pakhale anthu ena a komiti osamwa olo dontho usiku wonse oti aziyang'anira, pakhale madzi ndi zakumwa zosaledzeretsa, ndalama za bungwe zisagulire mowa, osachititsa mipikisano yakumwa, osasakaniza mowa mu chidebe chimodzi chachikulu choti aliyense azingotunga. Ili la chidebe anthu amaliderera koma ndi lofunika kwambiri, chifukwa m'chidebe muja palibe amene akudziwa kuti kapu imodzi ili ndi mowa wochuluka bwanji komanso palibe amene waona chimene wina waponyamo magetsi ali ozima. Inu mumalemba pa fomu kuti tikhala anthu 40 tikungocheza, kenako positala nkuiponya pa sitetasi kubwera anthu 300 theka lake osakhala ophunzira n'komwe, amene munati akhala osamwa aja ndi amene ayamba kugwa. Zikavuta ndiye mumabwera mu ofesi mutavala tayi nkumati ife sitimadziwa. Siginecha ili apayi ndi ya ndani?

Ndipo zoti wamwa yekha palibe anamukakamiza musadzandiuzenso. Mwana wangofika kumene, sadziwa munthu, akufuna kuti mumulandire, mwamuzungulira anthu 20 mukukuwa kuti imwa imwa, mukuti akanakana bwanji? Kumeneko ndi kukakamiza, ndipo malamulo a mayunivesite ambiri amanena mosapsatira kuti kuvomera kwa wozunzidwayo si chodzitetezera.

Za mankhwala ozunguza bongo ndiye mwafika pena. Kale timalimbana ndi chamba basi, pano ndi mapilisi. Tramadol, mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine aja mumathira mu zakumwa, diazepam, zonsezi zimachedwetsa kupuma ngati mmene umachitira mowa, ndiye mukaphatikiza ziwirizi mlingo umene mumati ndi wochepa umakwana kuimitsa mpweya. Tramadol akachuluka amagwetsanso munthu ngati wa khunyu, ndinaonapo mtsikana akuphupha pansi mu laibulale sabata ya mayeso ati amafuna asatope powerenga. Enanso mumasakaniza mowa waukali ndi ma enaji dirinki, kafini uja amangobisa kuledzerako, mumadziona ngati muli bwinobwino nkumapitiriza kumwa pamene magazi adzaza kale. Chamba nacho musamati ndi tsamba chabe lachilengedwe, ubongo wa munthu umakhala ukukhwimabe mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo madokotala anaona kale kuti amene amayamba ali aang'ono nkumasuta champhamvu tsiku ndi tsiku amakhala pa chiopsezo chachikulu cha matenda a misala. Si onse ayi, koma palibe amene amadziwiratu kuti iyeyo ali mbali iti. Ndipo olo dziko litaloleza chamba sizitanthauza kuti pa kampasi nchololedwa, ku America komweko zigawo zambiri zinaloleza koma mayunivesite olandira ndalama za boma amaletsabe chifukwa cha lamulo la 1989 limene limawakakamiza kukhala ndi ndondomeko yoletsa mankhwala ndi kuipereka kwa wophunzira aliyense chaka ndi chaka. Kugawira mnzako mapilisi amene adokotala analembera iweyo nawonso ndi mlandu, ndipo amene wasunga katundu wa mnzake mu loka yake ati ndimangomusungira, akapezeka naye ndi wake basi. Ku disipulini akakuchotsa sukulu apolisi amakhala akudikira pa geti, ziwirizi sizilowana m'malo.

Anyamata inu amene mumathira zinthu mu zakumwa za atsikana, kapena kudikira kuti aledzere kaye, ndilibe mawu okoma oti ndikuuzeni. Munthu woledzera mpaka osadziwa chimene chikuchitika sangavomere kanthu, chimene mwachitacho dzina lake ndi kugwiririra ndipo malo ake ndi kundende. Atsikana mukapita limodzi muzibwereranso limodzi, mnzanu akayamba kulephera kuima atangomwa pang'ono musamusiye ndi munthu woti ndimuperekeza ine.

Lipoti la WHO la 2024 linati mu 2019 mokha anthu 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa pa dziko lonse, 2 miliyoni mwa iwo amuna. Koma ine nambala zimenezi sizindisowetsa tulo ngati nkhope za makolo amene ndinkawalandira mu ofesi, bambo atakhala pa mpando chipewa chili m'manja akufunsa kuti ndiye fizi yonse ija yapita basi, mwana ali chaka chomaliza kwatsala semesita imodzi. Sindikuti musasangalale, inenso ndinali mnyamata ndipo sindinali mngelo, amene wakwana zaka ndipo akumwa mwaulemu pamalo ololedwa palibe amene amamulondola. Amene mwaona kuti zakukulirani, mukumwa m'mawa musanalowe m'kalasi kapena simugona popanda pilisi, alangizi alipo pa kampasi pomwepo ndipo nkhani zanu amasunga mwachinsinsi, kupita nokha kuli bwino kusiyana ndi kuchita kukutengerani.

Tcheyamani wa kalabu ya masewero ija anamuimitsa sukulu chaka chathunthu, kalabuyo anaitseka ndithu, chomwe ankaopa chija. Patapita zaka 2 anabwera mu ofesi mwanga atavala bwino, mwaulemu wake, kudzapempha kalata yomuchitira umboni poti anapeza mwayi wa ntchito yoyang'anira achinyamata ku bungwe lina. Ndinamupatsa mpando, ndinatulutsa fayilo yake nkuitsegula pa tsamba la usiku uja, ndinamufunsa kuti mwanawe, pamene afunsa apa kuti kodi munthuyu angadalirike kusamala ana a anthu, ukufuna ndilembepo chani. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana siginecha yake, kenako ananyamuka nkutseka chitseko pang'onopang'ono.