Candace Wheeler tamubera ulemu wake

Maganizo anga awa, wofuna kutsutsa atsutse.

Mukafufuza pa intaneti za mayi amene anayambitsa ntchito yokongoletsa m'kati mwa nyumba, dzina lotulukira msangamsanga ndi la Elsie de Wolfe wa ku New York. Luso anali nalo, sindikukana. Poyamba ankachita zisudzo, ndipo ankatchuka kwambiri ndi madiresi ake kuposa sewero lenilenilo. Atasiya zisudzo anapatsidwa ntchito yokonza Colony Club, kalabu ya amayi olemera yomwe inatsegulidwa mu 1907. Masiku amenewo nyumba za anthu a ndalama zinali zamdima bii: makatani okhuthala, matabwa akuda m'makoma, mipando yothithikana mpaka kusowa popita. Iye anabweretsa penti yowala, magalasi oonetsa chipinda ngati chachikulu, nsalu zamaluwa ndi mipando yoluka. Mu 1913 anatulutsa buku lotchedwa The House in Good Taste. Pogulira katundu mpondamatiki wina wa zitsulo, Henry Clay Frick, ankatengapo 10 peresenti pa chilichonse. Mayi wodziwa kuwerenga ndalama ameneyo.

Koma zaka 30 Colony Club isanatsegulidwe, Candace Wheeler, mayi winanso wa ku New York, anali atalambula kale njira. Mu 1876 anapita kuchionetsero chachikulu cha ku Philadelphia, n'kuona nsalu zopetedwa ndi amayi a ku England. Chinamukhudza ndi chakuti amayiwo ankalipidwa. Kwawo kwa Wheeler ku America, nkhondo yapachiweniweni inali itasiya akazi amasiye ambirimbiri odziwa singano koma opanda kogulitsa. Mu 1877, ali ndi zaka 50, anakhazikitsa Society of Decorative Art ku New York, kuti amayi otere aphunzire bwino ntchito ya manja n'kupeza msika. Zaka 50, anzanga! Msinkhu umene ena timati basi tikalere zidzukulu.

Mu 1879 anagwirizana ndi Louis Comfort Tiffany, katswiri wa zokongoletsa ndi magalasi amitundumitundu, ndipo mu 1883 anapatuka n'kuyendetsa yekha kampani ya Associated Artists, antchito ake amayi okhaokha. Ndiye anayang'anira zokongoletsa nyumba ya amayi pachionetsero cha ku Chicago mu 1893. Ku London nako kunali Agnes ndi Rhoda Garrett, pachibale, amene anali ndi kampani yawo kale m'zaka za m'ma 1870.

Nanga bwanji timangoimba za de Wolfe? Ine ndimati chifukwa ankadziwa kudzitsatsa. Anzake anali anthu apamwamba, maphwando osatha, kenako mu 1926 n'kukwatiwa ndi Sir Charles Mendl, Mngelezi wogwira ntchito ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Paris. Wheeler ankatanganidwa ndi malipiro a amayi anzake, ndipo zoterezi sizikoma m'magazini. Kusankha nsalu ndi kuyala chipinda amayi ankachita kuyambira kalekale, kwaulere. Chatsopano chinali kunena mtengo.

N'chifukwa chake nkhani ya Wheeler imandikumbutsa azakhali anga. Chinkhoswe chilichonse pamtundu pathu, iwo ndiwo amakwera patebulo mbandakucha kupachika nsalu, mapini ali kukamwa, malipiro ake mbale ya mpunga ndi "Mulungu akudalitseni". Mwezi watha msuweni wina atawaimbira foni za ukwati wake, anamuyankha kuti, "Mwanangu, ndikutumizira mitengo pa WhatsApp." Pagulu la banja nkhaniyi sinathebe mpaka lero.