Mudi ndi Chiveve: anzathu a ku Beira atisiya kutali

Ndachokera ku Beira sabata yatha ndili ndi nsanje, ndipo nsanje yake ndi ya mtsinje. Amene munkafikako kale mukuukumbuka Chiveve uja mmene unalili: dzala lenileni, matope okhaokha, fungo losayambika. Pitani lero. Madzulo anthu akupitidwa mphepo m'mbali mwake, ana akupalasa njinga, mitengo ya m'madzi amchere ija anaibzalanso, ndipo kumene mtsinjewo ukumana ndi nyanja anaikako zitseko zoyendetsera madzi. Ndalama zinachokera ku Germany ndi ku World Bank, inde, koma malemu Daviz Simango, meya wawo uja, nkhani ya ngalande anaikakamira. Pamene namondwe Idai ankawomba mu 2019, ngalande zina zikuluzikulu zinali zitakonzedwa kale.

Ndiye bwerani muime pamlatho pafupi ndi msika wa Blantyre, muyang'ane Mudi wathu. Madzi ake lero akuda, mawa otuwa, kutengera zimene zatsikira kuchokera kumafakitale ndi m'mapaipi ophulika a zimbudzi. Majumbo ndiye osanena. Kumunsi amayi akuchapa momwemo, ena akuthirira nawo ndiwo zamasamba zimene timagula tokha n'kumati zakudimba. Mzinda umene umapopa madzi akumwa kuchokera ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kukwera chitunda, koma mtsinje wodutsa pakhomo unausandutsa chimbudzi!

Ndisaname, Beira si kumwamba ayi. Pita ku Praia Nova kapena ku Munhava mvula itagwa, ukapeza madzi m'nyumba ngati kwina kulikonse, ndipo paki yokongola ya m'mbali mwa Chiveve yakomera kwambiri a pakati pa tauni. Vuto lathunso ndi lina: iwo ali pachidikha m'mbali mwa nyanja, ife tili m'mapiri. Kwathu madzi sadikha, amathamanga, ndipo amatenga chilichonse. Tinaona mu Malichi 2023, Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira mabanja ku Chilobwe.

Chimene chimandikwiyitsa ndi akuluakulu akamangoti "anthu samva, amanga m'phiri." Akatswiri ofufuza za kakulidwe ka mizinda akhala akunena kuti munthu amamanga pamene angakwanitse komanso pamene angayende wapansi kupita kuganyu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mu Blantyre, ambiri m'makomboni. Puloti yovomerezeka ndi ya olemera, ya kwa amfumu ndiyo yotsika mtengo, ndipo imeneyo ili kumtunda kwa Soche, Ndirande kapena Bangwe. Mukamusamutsira kutali kopanda msika ndi minibasi, abwerera basi, ndipo ine sindingamudzudzule.

A ku Tanzania anaika mabasi awo othamanga ku Dar es Salaam mu 2016, munthu n'kumakhala kutali koma n'kumafika kuntchito. A ku Lusaka asatinyadire, komboni yawo ya Kanyama imamira chaka ndi chaka.

Ife mapulani ndiye tili nawo. Malawi 2063 ikuti Luchenza, Liwonde ndi Bangula zikule kuti aliyense asamathamangire ku Blantyre. Zabwino zedi, ndikuvomereza. Koma tisanafike uko, tingoyamba ndi chigawo chimodzi cha Mudi, kuchokera ku Makata kufika kumsika: kutseka mapaipi otayira, kuchotsa zinyalala, kubzala mitengo ndi kulambula kanjira koyendamo anthu. Kodi ngakhale zimenezo mpaka tidikire azungu?