Ana inu, zotukwana m'nkhani yopemphera malo ku koleji mwazitenga kuti?

Ndikunena ndi inu amene mwamaliza Fomu 4 ndipo maso ali ku makoleji a ku America. Kuno kwathu, ukafuna yunivesite ya boma, a bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE amangoona mapointi a MSCE, palibe wokufunsa kuti unakula bwanji. Kumeneko n'kosiyana. Pa Common App, fomu ya pa intaneti yopempherapo malo imene imatsegulidwa pa 1 August ndipo makoleji oposa 1,000 amalandirirapo ophunzira, amafuna nkhani ya moyo wako ya mawu 250 mpaka 650 basi. M'mawu ochepa amenewo ena mwa inu mwayamba kuthiramo zolaula, ati kuti azungu aone kuti simukubisa kanthu. Zamanyazi!

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga anandipatsa foni kuti ndimuwerengere nkhani yake. Mnyamatayu ankagwira ganyu ya ukondakitala pa minibasi ya Limbe kuti apeze fizi, ndipo analemba za tsiku limene dalaivala anamulalatira pamaso pa anthu chifukwa pa ndalama panasowa K500. Nkhani yogwira mtima ndithu. Koma ndikufika pakati, ndinangoona liwu lotukwana lija lachingerezi la zilembo zinayi, kawiri konse, mzere umodzi.

"Malume, ndi mmene ananenera. Ndikachotsa ndiye kuti ndanama."

Sindinakangane naye. Mayi ake anali pakhonde pomwepo akusankha mpunga m'lichero. Ndinati, chabwino, dalaivalayo sanatukwane m'Chingerezi, ndiye bwereza mawu akewo m'Chichewa, mokweza, mayi akowa amve. Anaseka, kenako anayang'ana pansi n'kuyamba kukanda m'mutu. Liwu silinatuluke.

Vuto lanu lili pamenepo. Kutukwana kwa Chingerezi mwakuphunzira pa TikTok ndi m'mafilimu, ndiye kumakupepukirani ngati nthabwala, sikukuyabwani pakamwa. Koma wowerenga nkhani yanu ku Ohio kapena ku Massachusetts, chimenecho ndi chilankhulo cha amake. Liwulo limamulasa monga mmene lingakulasireni mlendo atatchula ziwalo za makolo anu pabwalo. Ndipo simukumudziwa. Mwina ndi mtsikana wongomaliza kumene koleji amene angaseke, mwina ndi mayi wachikulire amene wawerenga nkhani zambirimbiri kuyambira m'mawa ndipo watopa. Akaimaliza iye, nkhaniyo ikhoza kukafikanso pa tebulo la komiti. Inu mukupempha malo, ambiri mwa inu mukupemphanso kuti akulipirireni zonse, chakudya ndi pogona pomwe. Kwa eni kulibe mkuwe. Munthu wokapempha mbeta salowa m'mudzi akutukwana agalu.

Ndikudziwa, alangizi ena a kumeneko amati liwu limodzi, likakhala m'kamwa mwa munthu wina m'nkhaniyo, silipha. Mwina alipo amene anadutsa nalo. Koma mwana wa kumeneko akakanidwa apa, makolo ake amulipirira pena. Inu mwavutika ndi bandulo, mwasokoneza aphunzitsi kuti akulembereni makalata, ndiye mukaike zonsezo pachiswe chifukwa cha liwu limene silikuwonjezerani ngakhale kanthu? Ndipo musandiuze zoika tinyenyezi m'malo mwa zilembo zapakati. Wowerenga si mwana, amalimva liwulo m'mutu mwake chimodzimodzi.

Musaganizenso kuti masukulu amenewa salabadira za khalidwe. M'chaka cha 2017, yunivesite ya Harvard inalanda malo ophunzira osachepera 10 amene inali itawalandira kale, chifukwa cha zithunzi ndi mawu onyansa amene ankatumizirana pa gulu lawo la pa Facebook. Zawo zinali zoipa kuposa kutukwana wamba, inde, koma onani kuti anali ana ophunzira bwino kwambiri, ndipo zimenezo sanazilembe n'komwe m'nkhani yopemphera malo.

Tibwerere kwa mwana wa mlongo wanga uja. Ndinamufunsa kuti, pamene dalaivala ankalalata, iwe unaona chiyani? Anakhala chete pang'ono. Kenako anati mayi wina wa pampando wakutsogolo anatseka makutu a mwana wake ndi nsonga ya chitenje. Minibasi yonse inangoti zii, kunkangomveka chitseko chikugwedera. Pofika pa siteji, bambo wina wachikulire potsika anamupanikiza K500 m'manja osamuyang'ana kumaso.

Ndinamubwezera foni n'kumuuza kuti alembe zimenezo. Chitenje cha mayi uja chikunena zonse zimene dalaivala ananena, ndipo chikusonyeza kuti mnyamatayu ali ndi maso, chomwe a koleji akufuna kudziwa. Iye anali atasiya mayiyo ndi bambo uja kunja kwa nkhani, n'kupatsa malo dalaivala wopanda mwambo.

Akulembanso. Koleji imene akufuna ikutseka kulandira mafomu pa 1 November, ndipo ndamuuza kuti asanatumize abwere adzaiwerenge pakhonde, mayi ake ali pomwepo.