Anawagwetsa ndi anzawo omwe

A mtolankhani, mwalemba kuti a Boris Johnson, amene anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, anagwa chifukwa cha chipani cha Labour, chomwe panthawiyo chinali chotsutsa boma. Ayi ndithu. Mu July 2022 nduna zawo zomwe, kuyambira a Sajid Javid ndi a Rishi Sunak, zinatula pansi maudindo motsatizana mpaka bambowa anasowa pogwira. Ndiye komiti imene inapeza mu 2023 kuti ananamiza dala nyumba ya malamulo pa nkhani ya maphwando a nthawi ya Covid? Mwa aphungu 7, anayi anali a Conservative, chipani cha a Johnson chomwe.

Mwaiwalanso mayi Dawn Butler, phungu wa Labour. Mu 2021 anawatulutsa m'nyumbamo atanena poyera kuti a Johnson amanama, poti malamulo akumeneko salola phungu kutchula mnzake wabodza. Awerengi anzanga, tangoganizani: patangotha zaka ziwiri, komiti inanena zomwezo.