Apongozi, njira ya mwana siyokakamiza

Inu ana anga a ku Angónia kuno, ku Tsangano mpaka ku Furancungo uko, tamverani. Nkhaniyi ndi ya kuchikuta koma lero ndiyankhula poyera basi chifukwa mwanyanya.

Miyezi yonse ya pakati khomo la chiberekero limakhala lolimba, lalitali, lotseka ndithu. Masiku akayandikira limayamba lokha kufewa, kufupika, kupyapyala, kenako nkumatseguka pang'onopang'ono mpaka masentimita 10, apo mpomwe mutu wa mwana umadutsa. Chomwe mayi amaona yekha ndi chikazi chonanda ngati mamina, pena chili ndi timizere ta magazi, nchija chinatseka pakhomopo. Chikatuluka sikuti mwana ndi lero ayi, ena amatha masiku ndithu, koma zitenje, beseni, khadi la kusikelo ndi ndalama ya shapa (minibasi) zikhale pafupi.

Tsono chikundinyansa ine nchakuti apongozi ena mumam'goneka mwana wa eni pamphasa nkumapisa zala ati tione ngati njira yatseguka, manja omwewo angochoka kumene kokumba mbatatesi kudimba, zikhadabo zakuda bii! Mukuyeza chiyani inu? Anamwino amavala magolovesi ndipo anaphunzira, inu mukungolowetsa majeremusi, makamaka nsupa ikakhala kuti yasweka kale.

Mukaona kuti zikuchedwa mwathamangira mwanamphepo, kapu yodzadza. Mankhwala amenewo alibe muyezo amayi, chiberekero chimakoka mwamphamvu khomo likadali lotseka ndiye chimatha kung'ambika, mayi nkutaya magazi mkati inu muli phee kudikira. Enanso kumukalipira kuti kankha, usachite ulesi, pomwe njira sinakwane, khomo limatupa kapena kung'ambika, matenda nkutalika. Zoti akuchedwa kuchira chifukwa anayenda ndi amuna ena ndiye aulule, zimenezo zisiyeni, nzabodza.

Nanu azibambo musamangoti izi nza azimayi muli pa bawo. Ngati kwanu nkutali ndi chipatala, misewu yathuyi mukuidziwa mmene imakhalira dzinja, m'perekezeni mkazi akadikirire ku casa de espera, nyumba ya amayi oyembekezera ya pachipatala ija, masiku asanakwane.

Msana ndi m'mimba zikamapweteka mobwerezabwereza nkumachulukira, kapena madzi atuluka, nyamukani. Koma akataya magazi ambiri, madzi akabwera obiriwira, mwana akasiya kugunda, kapena kupwetekako kaya kutuluka kwa madziko kwayamba masabata 37 asanakwane, musadikire kuti kuche, kam'dzutseni wa mota usiku womwewo.