A CID a pa WhatsApp, tatsekani pakamwa

Sabata yatha m'dera lathu muno munapezeka mtembo wa mnyamata m'dimba la m'mphepete mwa mtsinje. Dzina sinditchula, makolo ake alira mokwanira. Anamupeza ndi amayi ena amene analawirira kukathirira mpiru. Apolisi asanafike, khamu linali litadzaza kale m'dimbamo: uyu kuponda apa, uyo kutembenuza nsapato ya malemuyo ndi kamtengo, wina kuwerama n'kuloza foni kumaso kwa mtembo ngati akujambula mkwati. Pofika masana chithunzi chinali chitazungulira magulu onse a WhatsApp, la kumpingo lomwe, la makolo a kusukulu lomwe. Mayi wobereka anadziwira pafoni ya mnansi kuti mwana wake kulibe.

Dzuwa lisanalowe, wakupha anali "atapezeka". Anamupeza si apolisi ayi, koma akatswiri athu a pafoni. Anakatola chithunzi cha wakabaza wina pa Facebook, kuzunguliza nkhope yake ndi mzere wofiira, n'kulemba pansi pake kuti "ndi ameneyu, sheyani aliyense amudziwe". Umboni wake? Ati dzulo lake madzulo anaoneka atamukweza malemuyo panjinga. Wakabaza kukweza munthu, chachilendo n'chiyani? Mumafuna azikweza chiyani? Usiku womwewo miyala inavumba padenga la nyumba yake, mkazi wake n'kuthawa ndi ana osatenga ndi bulangete lomwe. Njinga, imene anali asanamalize kulipira, anaiphwanyaphwanya. Mwini wake anathamangira yekha kupolisi kukapempha kuti amutsekere, poti m'chitolokosi ndi mmene munali mosafikika miyala. Mpaka lero palibe amene akudziwa chimene chinachitika m'dimba muja, koma banja lina lapasuka kale.

Ana inu, mwatani kodi? Maphunziro ofufuza milandu munakachitira kuti? Bando ya intaneti yasanduka satifiketi ya upolisi?

Tamverani voice note imene inayatsa motowo. Munthu akulankhula motsitsa mawu, kumbuyo kukumveka wailesi ndi nkhuku: "Abale, izi musauze aliyense, ndili ndi msuweni wanga ku CID, wandiuza zonse." Msuweni uti? Dzina lake ndani? Dziko lino aliyense ali ndi msuweni ku CID, aliyense ali ndi mlamu wogwira ntchito kumotchale, aliyense "wamva kwa munthu wodalirika". Munthu wodalirikayo bwanji sapita kukalembetsa sitetimenti? Amakonda kunong'oneza inu nokha? Ndiye "musauze aliyense" akutumiza m'gulu la anthu mazana awiri. Kandimverere anakanena za m'maluwa, akuluakulu sananame.

Palinso kagulu kena, akatswiri owerenga nkhope pamaliro. Namfedwa akalira kwambiri, ati akudzionetsera, akubisa kanthu. Akapanda kulira, ati mwaona mtima wake wouma, ndi yemweyu. Akakomoka, ati sewero. Akadya nsima, ati akudya bwanji mwamuna ali m'bokosi. Achite chiyani tsono kuti mumusiye? Munthu waferedwa, mutu sukugwira, inu mwaima kuseri kwa tenti mukumujambula kavidiyo koti mukaike pa TikTok ndi kanyimbo kachisoni. Mchimwene wa malemu anakangana naye chaka chatha za malire a munda, basi ndi iyeyo. Banja liti limene silinakanganepo za malire a munda? Wabizinesi wa pamsika wagula chigayo chatsopano mwezi womwewo, basi anafuna ziwalo za chizimba. Ndiye kuti kwathu kuno munthu asamalemere pakagwa maliro?

Osayiwala aneneri a masiku ano, amene "amaonetsedwa" wakupha m'masomphenya, koma masomphenyawo amabwera mtembo utapezeka kale, sabwera dzulo lake munthu akadali moyo. Amati "ndikuona mzimayi woyera, dzina lake likuyamba ndi M". Mudzi wonse uyamba kuwerenga a Maria, a Mercy ndi a Modesta. Anthu ophunzira, ovala mataye, mukusheya zimenezi n'kulembapo "Amen"?

Mwaiwala msanga. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha agogo anayi a banja limodzi, chifukwa mphezi inapha mtsikana ndipo wina analoza chala kuti atumiza mpheziyo ndi nkhalambazo. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira cha ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa. Wina mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu. Bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake m'maboma ena, azaumoyo ankaopa kuyenda ndi zipangizo zawo. Namapopa ngakhale mmodzi anagwidwa ali ndi ndowa ya magazi? Onse amene anaphedwawo anaphedwa ndi mawu akuti "ndamva kuti". Amene anayamba kunena sanagwire mwala, anali kunyumba kwake akumwa tiyi. Inu amene mukuzunguliza nkhope za anthu ndi mzere wofiira, mukusiyana naye pati?

Ndikudziwa chimene muyankhe, ndachimva kambirimbiri: "Agogo, apolisi athu sagwira ntchito, tikangokhala chete nkhani izizira." Pamenepo sindikutsutsani kwenikweni, ndipo musandiyese woikira kumbuyo boma. Ndikukumbuka bwino za a Issa Njauju, mkulu wa ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB. Anasowa kumayambiriro kwa July 2015, mtembo wawo n'kupezeka utakwiriridwa mwatheka kuseri kwa nyumba za alendo a boma ku Lilongwe, galimoto yawo itatenthedwa ku Mtsiriza. Munthu wa udindo wotero, mumzinda waukulu wa dziko, maboma asinthana, malonjezo aperekedwa, koma banja lawo silinaone chilungamo. Zimapweteka, ndipo ndi zochititsa manyazi dziko.

Koma tandiuzani, pa zaka zonsezi mayina angati amene mwatchula pa nkhani imeneyi? M'maminibasi, m'mabala, pa Facebook, aliyense ali ndi wake, ndipo dzinalo limasintha malinga ndi chipani chimene wolankhulayo amavalira nsalu. Mwa mayina onsewo, ndi liti limene linafikitsa munthu m'khoti? Phokoso lanulo lathandiza ndani? Amene anachita chiwembucho, kulikonse kumene ali, akamaona mukulozana uku ndi uku amagona tulo tabwino. Mayina akachuluka, lake limamira momwemo.

Onani za Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene anapezeka atafa pasukulupo pa 24 September 2011. Apolisi anathamangira kunena kuti wadzipha yekha podziponya kuchokera pamwamba, mpaka kuonetsa makalata amene ankati anawasiya iye. Chimene chinagwetsa nkhani imeneyo si miseche ya pa bawo. Anali dokotala woyeza mitembo, a Charles Dzamalala, amene anaona mabala a m'mutu n'kulemba lipoti losainidwa ndi dzina lawo. Kenako mu 2012 komishoni yotsogozedwa ndi jaji Andrew Nyirenda inaitana mboni, kuzifunsa maso ndi maso, n'kupeza kuti mnyamatayo anachita kuphedwa. Anthu amenewa anaika mayina awo ndi ntchito zawo pachiswe. Inu mumaika chiyani? Akaunti yopanda nkhope, ya chithunzi cha mkango, dzina lake "Mfumu ya Choonadi". Zikavuta mungofufuta n'kutsegula ina.

Kukakamiza boma kuti mlandu uyende ndi china, kutchula mwana wa mnzako kuti ndi chigawenga ndi chinanso. Funsani nduna, funsani mkulu wa apolisi, funsani phungu wanu kuti fayilo ili pati. Lembani, yendani pamsewu ngati n'kofunika, tchulani dzina la wophedwayo chaka ndi chaka kuti asaiwalike. Pamenepo ndili nanu, ndi ndodo yanga yomwe. Koma amenewo mumawaopa. Mphamvu zanu zimathera pa wakabaza, pa mkazi wamasiye, pa gogo wa maso ofiira ndi utsi wa nkhuni.

Ndiye mumawononganso mlandu weniweniwo. Mapazi a wakupha anali pamatope paja, inu mwapondapo anthu makumi asanu, wofufuza akayeze phazi la ndani? Chingwe kapena mpeni umene unali pafupi, wina wautola kuti aujambule bwino. Mboni yeniyeni, mwina kamtsikana kamene kanaona anthu akutsikira kumtsinje usiku, kakaona mmene mwachitira ndi wakabaza uja, katsegula pakamwa? Kangokhala chete mpaka kalekale. Wina amene anaonadi kanthu, atawerenga nkhani zanu sabata yonse, sakusiyanitsanso chimene anaona ndi maso ndi chimene anawerenga pafoni, ndipo loya wa woimbidwa mlandu akamupanikiza m'khoti mphindi zisanu zokha umboni wonse wagwa. Wakupha weniweni naye ali m'gulu lanu lomwelo la WhatsApp, mwina ndi amene akulemba "RIP" wambiri. Mukumuuza tsiku ndi tsiku kumene apolisi apita ndi amene amufunsa. Mukumugwirira ganyu yaulere.

Apolisi nawo akapanikizika ndi phokoso lanu amangogwira amene mwamutchulayo kuti mtima wa anthu ukhale pansi. Munthu akakhala pa limandi ku Maula kapena ku Chichiri miyezi, mwina zaka, ana ake asiya sukulu. Akatuluka pa belo, mwayambanso: "apolisi adya ndalama". Belo si kuwina mlandu, ndi ufulu umene uli m'gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, gawo lomwelo limene limati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Tsiku limene adzakutchuleni inu mudzalifuna gawo limeneli ndi misozi. Ndipo khoti likadzamumasula, ndani mwa inu adzabwerere kukalemba kuti "tinamunamizira"? Palibe. Chithunzi chake cha mzere wofiira chidzakhalabe m'mafoni, mwana wake adzakula akutchedwa mwana wa wakupha, pofunsira mbeta adzamukana chifukwa cha skrinishoti ya zaka khumi zapitazo.

Musaganize kuti ndi matenda a osaphunzira okha. Ku America, mabomba ataphulika pa mpikisano wothamanga ku Boston mu April 2013, anthu a pa tsamba la macheza la pa intaneti lotchedwa Reddit anakhala pansi kuunika zithunzi, n'kugwirizana kuti wophulitsa ndi wophunzira wina wa pa yunivesite ya Brown amene anali atasowa kwa mwezi. Banja lake, limene linali kale pa chisoni chofunafuna mwana, linazunzidwa usiku wonse ndi mafoni ndi matemberero. Mnyamatayo sankadziwa kanthu za mabombawo, mtembo wake unapezeka m'madzi patapita masiku. Akuluakulu a Reddit anapepesa, koma kupepesa kunabweza chiyani? Abale athu a ku Joni akudziwanso za Senzo Meyiwa, goloboyi wa Orlando Pirates ndi Bafana Bafana, amene anawomberedwa ku Vosloorus mu October 2014. Mlandu unachita kuyamba kumvedwa mu 2022, koma "oweruza" a pafoni anali atagamula kale kambirimbiri, aliyense chigamulo chake. Ngati majaji ndi maloya okhala ndi mafayilo onse patebulo akutenga zaka, inu a foni yosweka galasi mwamaliza pa mphindi zitatu?

Za malamulo ndingokhudzako pang'ono, poti ena mumamva pokhapokha patchulidwe unyolo. Kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911. Pali lamulo la 2016 loona za pa intaneti limene anthu amangidwa nalo kale chifukwa cha zolemba zawo. Ine lamulo limenelo sindilikonda kwenikweni, poti nthawi zina amaligwiritsa ntchito poopseza atolankhani, koma lilipo, ndipo "ndinangosheya" si chitetezo. Amene mwamuipitsira mbiri akhozanso kukusumirani n'kukulipitsani mpaka mugulitse mbuzi zonse. Ma admin a magulu, inu mumangoyang'ana zonsezi zikudutsa pamphuno panu, ntchito yanu ndi kukumbutsa za zopereka basi?

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti ambiri mwa inu si ana. Ndi azibambo a ndevu zaimvi, amayi a chigwirizano, aphunzitsi, madikoni. Kale pakagwa imfa yokayikitsa, akuluakulu ankayamba atontholetsa mudzi, kutumiza mthenga kwa mfumu, mfumu kupolisi, ndipo mwana akayerekeza kutchula dzina pabwalo ankamudzudzula pomwepo. Lero akuluakulu ndi amene akuyamba kutumiza, mwana n'kumaphunzira kwa bambo ake.

Ngati munaona kanthu ndi maso anu, polisi mukuidziwa pamene ili, pitani mukalembetse ndipo musaine dzina lanu lenileni. Ngati simunaone kanthu, pitani kumaliro mukapepese, mutole khasu mukathandize adzukulu kumanda, foni ikhale m'thumba. Zithunzi za mtembo wa mwana wa eni fufutani lero lomwe. Anthu akuluakulu inu, manyazi mulibe?