Ukapolo ndi utsamunda sizakale ayi

Alembi, mwanena kuti anthu akuda a ku Britain aiwale za ukapolo ndi utsamunda poti masiku ano mitundu yonse ikukhalira limodzi. Pepani, apa sindikugwirizana nanu.

Britain itakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo mu 1833, boma linapereka mapaundi 20 miliyoni ngati chipukuta misozi. Koma ndalamazo zinapita kwa eni akapolo, ati poti ataya "katundu" wawo. Akapolowo sanalandire ngakhale khobidi. Ngongole imene boma linatenga polipira ndalamazo anamaliza kubweza mu 2015, kutanthauza kuti zidzukulu za akapolo omwewo, zokhoma msonkho ku Britain, zinasonkhako nawo. Zimenezi zimandipweteka mumtima.

Nanga anthu a Windrush? Awa ndi anthu ochokera m'maiko a ku Caribbean amene ankalamulidwa ndi Britain, ndipo dzinali ndi la sitima ya pamadzi imene inanyamula ena mwa oyamba. Anayamba kufika ku Britain mu 1948, nagwira ntchito m'zipatala ndi m'mabasi. Mu 2018 zinaululika kuti ena mwa iwo, atakalambira konko, anachotsedwa ntchito, kumanidwa thandizo la kuchipatala, ena mpaka kuthamangitsidwa m'dzikomo ati alibe mapepala. Nduna yoona za m'dziko, Amber Rudd, inatula pansi udindo pa nkhani yomweyi. Gogo amene anamukweza ndege mokakamiza kupita ku Jamaica, mungamuuze bwanji kuti aiwale?